Pepala Losainidwa ndi Chipukuta Misozi: Phunziro kwa Amalonda ndi Ogula

M'magolosale ambiri a ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo mumapezeka firiji yokhala ndi chizindikiro cha kampani ya zakumwa. Mwini golosale sagula firijiyo. Amangobwerekedwa, ndipo tsiku loilandira amasaina pepala la masamba awiri kapena atatu, lolembedwa m'Chingerezi ndi zilembo zing'onozing'ono. Ambiri amasaina ali chiimire, galimoto yobweretsa katundu ikulira panja, kenako pepalalo amaliponya m'katoni pansi pa kauntala. Zimachitikanso chimodzimodzi kwa ejenti wa ndalama za pafoni ku Area 25, kwa mnyamata wogawa buledi panjinga ku Area 23, ndi kwa wopikula mtedza ku Mgona amene wapeza kampani yoti izimugula.

Malonda akamayenda bwino, pepalalo palibe amalikumbuka. Limakumbukika tsiku limene wamalonda wazindikira kuti wakhala akuoda katundu pa mtengo wokwera chifukwa makampani anapangana mobisa, kapena kuti analetsedwa kugulitsa katundu wa ena popanda chifukwa chomveka. Pamenepo amafuna kuti ndalama zimene wataya zibwerere, ndipo woweruza kapena loya amayamba ndi funso limodzi: pepala limene munasaina likuti chiyani?

Phunziro lino likufotokoza mfundo imodzi. Mawu a m'pangano sangasandutse chinthu choletsedwa ndi lamulo kukhala chololedwa, koma ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhani ya kumene wolakwiridwa angakadandaule, nthawi imene ali nayo, ndi ndalama zimene angalandire. Choncho nthawi yabwino yoteteza chipukuta misozi ndi pamene cholembera chisanakhudze pepala.

Lamulo loona za mpikisano pa malonda

Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lotchedwa Competition and Fair Trading Act m'chaka cha 1998, pa nthawi imene boma linkasiya kukhazikitsa mitengo ya zinthu zambiri ndi kugulitsa makampani ake kwa anthu wamba. Maganizo ake anali akuti ngati boma lasiya kuika mitengo, mpikisano pakati pa amalonda ndiwo uteteze wogula. Lamulolo linakhazikitsanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lodziwika ndi dzina lachidule lakuti CFTC, limene likulu lake lili mu mzinda wa Lilongwe.

Mwa zina, lamulo la 1998 linaletsa amalonda opikisana kupangana mitengo, kugawana misika kapena makasitomala, ndi kupangana pa nkhani ya matenda a ntchito. Linaletsanso, ngati mchitidwewo ukupondereza mpikisano, kukakamiza wooda katundu kuti asagulitse katundu wa makampani ena, kumukakamiza kugula chinthu china ngati njira yokhayo yopezera chimene akufuna, ndi kumuikira mtengo umene ayenera kugulitsira. Kumbali ya wogula, linaletsa wogulitsa kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, kunamiza anthu za katundu wake, ndi kuchita malonda mopanda chikumbumtima.

Lamuloli linalowedwa m'malo ndi latsopano la dzina lomwelo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Lamulo latsopanoli limapatsa CFTC mphamvu yolipiritsa kampani chindapusa chofika pa magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zimene imapeza pachaka, ndi munthu payekha chofika pa magawo 5 pa 100 alionse. Limalolanso bungweli kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, asinthiridwe katundu, kapena kuti pangano lopondereza lithetsedwe. Lilinso ndi mfundo zoletsa ogula akuluakulu kupondereza amene amawagulitsa katundu, zimene zikukhudza alimi ndi opikula mbewu.

Chindapusa si chipukuta misozi

Anthu ambiri akamva pa wailesi kuti kampani yalamulidwa kulipira mamiliyoni, amaganiza kuti ndalamazo zigawidwa kwa amene analakwiridwa. Sizili choncho. Chindapusa ndi chilango, ndipo sichilowa m'thumba la wogula. Chipukuta misozi ndi ndalama zoperekedwa kwa wolakwiridwa mwini wake kuti abwerere pamene akanakhala chikhala kuti cholakwacho sichinachitike.

Nkhani ya bonasi ya Khethekhethe imaonetsa kusiyana kumeneku. M'chaka cha 2021, CFTC inalamula kampani ya Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni. Bungweli linati kampaniyo inasiya kuika yokha bonasi m'mafoni a makasitomala ndipo inayamba kufuna kuti aliyense aziitanitsa yekha pa 14 mwezi uliwonse, moti amene sanatero ankaitaya. Nkhaniyo inapita ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo m'chaka cha 2023 bwalolo linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse CFTC mphamvu yolipiritsa chindapusa payokha. Chigamulochi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinachititsa kuti lamulo lilembedwenso. Chofunika kuona apa n'chakuti mkangano wonse unayambira pa mfundo za kagwiritsidwe ntchito ka bonasi, zimene makasitomala ambiri sanaziwerengepo, komanso kuti mlandu wa chindapusa unali pakati pa bungwe ndi kampani. Kasitomala wofuna zake amayenda njira yakeyake.

Njira imeneyo inalembedwa kale m'lamulo la 1998, limene linanena kuti munthu aliyense amene wapwetekedwa kapena wataya chuma chifukwa cha mgwirizano kapena mchitidwe woletsedwa angathe kukasuma ku bwalo lalikulu la milandu kuti alandire chipukuta misozi kwa wolakwayo. Wosumayo ayenera kutsimikizira bwalo zinthu zitatu: kuti lamulo linaphwanyidwadi, kuti iye anataya ndalama zimene zingawerengedwe, ndi kuti anazitaya chifukwa cha cholakwacho osati chifukwa cha kutsika kwa mphamvu ya kwacha, kusowa kwa mafuta kapena kusayendetsa bwino bizinesi. Pa zitatu zonsezi, mawu a m'pangano amalowererapo. Ndime zisanu ndi imodzi zotsatirazi ndizo zimapezeka kawirikawiri.

Ndime yoyamba: kugula kwa kampani imodzi yokha

Sikuti pangano lililonse lomanga wamalonda kwa kampani imodzi ndi loletsedwa. Kampani imene yabwereketsa firiji ikanena kuti m'firijimo muzikhala zakumwa zake zokha, ili ndi chifukwa chomveka, popeza firijiyo ndi yake. Nkhani imasintha pamene ndimeyo ikuti m'golosale monse musapezeke chakumwa cha kampani ina, kwa zaka zambiri, pamene kampaniyo ndi yaikulu kale pamsika ndipo yachita chimodzimodzi ndi magolosale ambiri a m'deralo. Zikatero kampani yaing'ono imasowa polowera, mitengo imakwera, ndipo lamulo limayamba kulankhula.

Koma pali funso lovuta. Ngati panganolo ndi losemphana ndi lamulo, ndipo mwini golosale analisaina ndi dzanja lake, kodi angasumire mnzake amene anapangana naye? Malamulo a ku England, amene Malawi anatengerako mfundo zambiri za mapangano, ankati munthu amene analowa nawo m'pangano loletsedwa sangapemphe bwalo kuti limuthandize.

Mfundo imeneyi inayesedwa pa mlandu wotchuka wa Courage ndi Crehan. M'chaka cha 1991, Bernard Crehan anachita lendi malo awiri ogulitsira mowa m'tauni ya Staines ku England. Pangano la lendi, la zaka 20, linamukakamiza kuoda mowa ku kampani ya Courage pa mtengo umene kampaniyo inaika, pamene malo ena osamangidwa ndi pangano lotere ankaoda mowa womwewo motsika mtengo. Bizinesi yake inagwa, ndipo m'chaka cha 1993 Courage inamusumira chifukwa cha ngongole ya mowa yoposa mapaundi 15,000. Iye anayankha kuti panganolo ndilo linamugwetsa, napempha chipukuta misozi. Pa 20 September 2001, bwalo lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti kusaina kokha sikutsekera munthu njira. Chofunika kuona ndi mphamvu zimene mbali iliyonse inali nazo pokambirana. Ngati wina anali wofooka moti sakanatha kusintha ngakhale liwu limodzi, sayenera kusenzetsedwa mlandu wofanana ndi wa amene analemba panganolo.

Komabe Crehan sanalandire kanthu. M'chaka cha 2006, bwalo lomaliza la ku Britain, lotchedwa House of Lords pa nthawiyo, linagwirizana ndi woweruza woyamba amene anapeza kuti mapangano oterowo sanatseke msika wa mowa. Papita zaka 13, ufulu wosuma anali nawo, koma umboni wakuti mpikisano unaponderezedwa unaperewera. Zigamulo za maiko ena sizimanga mabwalo a ku Malawi, ngakhale oweruza angathe kuziunika. Phunziro lake kwa wamalonda wa kwa Chinsapo lili pawiri: kusaina sikutanthauza kuti zonse zathera pomwepo, koma mlandu woterewu umafuna umboni wa mmene msika wonse unakhudzidwira, osati madandaulo a golosale imodzi.

Ndime yachiwiri: kudzichotsera udindo

M'masitolo ambiri a mumsewu wa Malangalanga, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi, ngakhale pa malisiti, pamapezeka mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. M'mapangano aakulu ndime yotere imalembedwa mwaulemu: imati kampani sidzalipira phindu limene mnzake wataya, kapena kuti ikadzalakwa sidzalipira zoposa mtengo wa katundu wa mwezi umodzi.

Apa lamulo limasiyanitsa anthu awiri. Woyamba ndi wogula wamba, amene wagula wailesi, ufa kapena simenti kuti akagwiritse ntchito kunyumba. Iyeyu amatetezedwa mwamphamvu. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, limati ndime yochotsa kapena kuchepetsa udindo wa wogulitsa pa katundu wolakwika ilibe mphamvu, chimodzimodzinso ndime yonena kuti wogula wasiya ufulu umene lamulolo limamupatsa. CFTC yakhala ikuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zokana kulandira katundu wowonongeka ndi zosemphana ndi lamulo. Mayi wa ku Area 23 amene wagula ketulo yamagetsi n'kukapeza kuti sikuyaka ali ndi ufulu wobwerera nayo, kaya pakhoma panalembedwa chiyani.

Wachiwiri ndi wamalonda amene waoda katundu kuti akagulitsenso. Malamulo oteteza ogula analembedwa poganizira makamaka wogula wamba, ndipo pakati pa amalonda awiri mabwalo amalemekeza kwambiri zimene iwo anagwirizana. Mayi yemwe uja, akamaoda makatoni a sopo kuti akagulitse pa okala yake, amaonedwa ngati munthu wa bizinesi wodziwa chimene akusaina. N'zoona kuti mabwalo amamasulira ndime yodzichotsera udindo mothina, motsutsana ndi amene anailemba, ndipo salola munthu kubisala kumbuyo kwa ndime yotere pa chinyengo chimene wachita dala. Koma kufika pamenepo kumafuna loya, nthawi ndi ndalama. Kukana ndimeyo asanasaine, kapena kupempha kuti iwonjezeredwe mawu akuti sikhudza kuphwanya lamulo la mpikisano, n'kotsika mtengo kuposa kulimbana nayo m'bwalo.

Ndime yachitatu: kumene mkangano ukaweruzidwe

Chakumapeto kwa mapangano ambiri kumakhala ndime yonena kuti mkangano ukabuka sudzapita ku bwalo la milandu koma kwa mkhalapakati wosankhidwa ndi mbali ziwirizo, kapena kuti udzaweruzidwa ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku London, motsata malamulo a dziko lina. Malawi ali ndi lamulo lotchedwa Arbitration Act limene limalola bwalo kuimitsa mlandu ngati mbali ziwirizo zinagwirizana kale zopita kwa mkhalapakati. Kwa makampani awiri ofanana mphamvu njirayi ndi yachangu. Kwa ejenti wa kabenchi kamodzi pa msika wa Nsungwi, ingakhale mpanda wosadumphika, chifukwa mkhalapakati amalipidwa ndi okanganawo ndipo ulendo ndi wodzilipirira.

Mlandu wa ku America umaonetsa kulemera kwa ndime imeneyi. Eni lesitilanti yaing'ono yotchedwa Italian Colors, mu mzinda wa Oakland, pamodzi ndi amalonda ena, anadandaula kuti kampani ya American Express inkagwiritsa ntchito mphamvu zake kuwakakamiza kulandira makhadi ake pa malipiro okwera. Pangano lawo linkati mkangano upite kwa mkhalapakati ndipo aliyense adandaule payekha, osati pagulu. Amalondawo anaonetsa kuti kulemba katswiri wa zachuma wowerengera mmene msika unapwetekedwera kukanadya madola mazanamazana a zikwi, pamene wodandaula mmodzi sakanalandira zoposa madola 38,549. Ngakhale zinali choncho, m'chaka cha 2013 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti ndimeyo itsatidwe. Ufulu wosuma unatsala papepala, popeza palibe munthu wanzeru angawononge ng'ombe kuti akapeze nkhuku.

Ku Ulaya mabwalo anayang'ana nkhaniyi mosiyana pang'ono. M'chaka cha 2015, pa mlandu wokhudza makampani amene anapangana mitengo ya mankhwala otchedwa hydrogen peroxide, bwalo linati ndime yongonena za mikangano yochokera m'pangano siikhudza mlandu wa kupangana mitengo mobisa, pokhapokha itatchula momveka za kuphwanya lamulo la mpikisano, chifukwa wosaina sakanadziwa za chiwembu chimene chinabisidwa kwa iye. Zigamulo ziwirizi zikusonyeza kuti kalembedwe ka chiganizo chimodzi kangasinthe mapeto a mlandu wonse.

Chinthu chimodzi ndi chodziwikiratu: ndime yotere imamanga okhawo amene anaisaina. CFTC sinasaine nawo, choncho ntchito yake yofufuza ophwanya lamulo siimitsidwa ndi pangano la anthu awiri.

Ndime yachinayi: nthawi yodandaulira

Lamulo lotchedwa Limitation Act limapereka zaka 6 kuti munthu akasume pa milandu yambiri ya mapangano. Koma mapangano ena amaika nthawi yawoyawo, monga kunena kuti dandaulo lililonse lifike polemba pasanathe masiku 7 kapena 30 katundu atalandiridwa, kupanda kutero latha mphamvu. Pa nkhani ya botolo losweka kapena thumba loboola, masiku amenewo ndi okwanira. Pa nkhani ya makampani opangana mitengo, sangakwanire, chifukwa chiwembu chotere chimachitikira m'chipinda chotseka ndipo chimaululika patapita zaka. Wamalonda wanzeru amapempha kuti ndime ya masikuyo inene momveka kuti ikukhudza kuwonongeka kapena kuperewera kwa katundu basi.

Ndime yachisanu: mtengo, ndi funso la amene anatayadi ndalama

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza pano. Mwini golosale ku Kawale amaoda makatoni 40 a sopo pamwezi. Mahoselo atatu apangana kukweza mtengo ndi K2,000 pa katoni, ndipo chiwembucho chatha miyezi 6. Ndalama zoonjezera zimene walipira ndi K480,000. Koma ngati iye naye anakweza mtengo ndi K50 pa sopo aliyense, ndipo m'katoni muli sopo 30, ndiye kuti pa katoni iliyonse anabweza K1,500 kuchokera kwa makasitomala ake. Wosumiridwa adzauza bwalo kuti K360,000 inasenzedwa ndi ogula a ku Kawale, ndipo mwini golosale anataya K120,000 yokha. Mwini golosale angayankhe kuti atakweza mtengo makasitomala ena anathawa, koma zimenezo ayenera kuzionetsa ndi mabuku.

Apa ndime ya mtengo imakhala umboni wamphamvu. Ngati pangano linamuikira mtengo wogulitsira, moti sakanatha kukweza, n'kosavuta kuonetsa kuti katundu yense anagwera iye. Ngati pangano linkati azingoika phindu lake pamwamba pa mtengo uliwonse umene waodera, wosumiridwa amapeza pothawira. Ndime zonena za kuchotsera mtengo ndi komishoni nazo ndi zofunika, makamaka ngati zikulola kampani kusintha komishoni nthawi iliyonse osafunsa.

Nkhani ya buledi ku South Africa, dziko limene Amalawi ambiri amagwirako ntchito, ikukhudza zonsezi. M'mwezi wa December 2006, ogawa buledi a m'chigawo cha Western Cape anauzidwa ndi makampani akuluakulu ophika buledi, pa nthawi imodzi, kuti mtengo wakwera ndipo ndalama yowachotsera yachepetsedwa. Mmodzi wa iwo, Imraahn Mukaddam, anakanena ku bungwe loona za mpikisano la dzikolo. Kafukufuku anapeza kuti makampaniwo anapanganadi. Tiger Brands inalipira chindapusa cha pafupifupi marandi 99 miliyoni m'chaka cha 2007, ndipo Pioneer Foods inalamulidwa kulipira pafupifupi marandi 196 miliyoni m'chaka cha 2010. Ogawa buledi ndi ogula wamba sanagawireko ndalama zimenezi. Anayamba milandu yawo yofuna chipukuta misozi, ndipo nkhondo yongofuna chilolezo chosuma pagulu inafika ku bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko m'chaka cha 2013. Chiwembu chinaululika chifukwa wogawa buledi mmodzi anaona kuti mfundo za mapangano a makampani opikisana zasintha mofanana pa nthawi imodzi, ndipo sanakhale chete.

Ndime yachisanu ndi chimodzi: pepala lothetsa nkhani

Kampani ikaona kuti dandaulo lakula, nthawi zina imapereka kangachepe: makireti angapo aulere, kukhululuka ngongole ya mwezi, kapena ndalama pang'ono. Pamodzi ndi mphatsoyo pamabwera pepala lonena kuti wolandira wakhutira ndipo sadzafunanso kanthu pa nkhani iliyonse, yodziwika kapena yosadziwika. Kugwirizana kunja kwa bwalo si kulakwa, ndipo nthawi zambiri kumapulumutsa ndalama ndi ubale wa pamalonda. Choopsa ndi kusaina munthu asanawerengere zimene wataya. Pepala lotere liyenera kutchula nkhani imene ikuthetsedwa, masiku ake ndi ndalama zake, osapitirira pamenepo.

Zoyenera kuchita asanasaine

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wamalonda ali ndi ufulu wopempha kuti apite ndi pepala kunyumba akaliwerenge, kapena akamuwerengere munthu wodziwa Chingerezi. Kwa wogula wamba, lamulo la 2003 limafuna kuti mapangano olembedweratu akhale owerengeka bwino, ndi kuti munthu wosadziwa kuwerenga kapena wosaona awerengeredwe ndi kufotokozeredwa m'chilankhulo chimene akumva. Powerenga, mafunso ofunika ndi awa: panganoli litha liti, ndipo munthu angatulukemo bwanji? Likuletsa kugulitsa katundu wa ena? Ndani akuika mtengo, ndipo ndani angausinthe? Kampani ikalakwa, idzalipira mpaka zingati? Mkangano ukaweruzidwe kuti, ndipo adzalipire ndani?

Akasaina, atenge kope lake lokhala ndi siginecha za mbali zonse ziwiri. Malonjezo a pakamwa a wogulitsa katundu wa kampani salowa m'pangano ngati pepalalo likuti zonse zimene anagwirizana ndi zolembedwazo, choncho lonjezo lililonse lofunika lilembedwe. Malisiti, mainivoisi, mauthenga a pafoni olengeza kusintha kwa mitengo, ndi kabuku kolembamo zogula ndi zogulitsa za tsiku lililonse ziyenera kusungidwa kwa zaka zosachepera 6. Kope la sukulu lolembedwa mokhulupirika lingakhale umboni woposa mboni khumi zokumbukira pamtima.

Kumene wolakwiridwa angapite

Choyamba ndi kulembera wogulitsa kapena kampaniyo kalata yokhala ndi deti, yofotokoza cholakwa ndi chimene chikufunidwa, n'kusunga kope lake. Zikakanika, dandaulo lipite ku CFTC, limene lili ndi mphamvu yoitanitsa mabuku a kampani, zimene munthu payekha sangathe. Zimene bungweli lapeza zingathandize kwambiri munthu amene akufuna kukasuma pambuyo pake, popeza gawo lovuta kwambiri, lotsimikiza kuti lamulo linaphwanyidwa, limakhala litafufuzidwa kale. Ngati nkhaniyo ikukhudza maiko angapo a m'chigawo chino, bungwe la COMESA loona za mpikisano, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2013, nalonso lili ndi likulu lake mu Lilongwe momwemuno. Bungwe la Consumers Association of Malawi limalankhulira ogula, ndipo Legal Aid Bureau inakhazikitsidwa kuti izithandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwini golosale mmodzi amene wataya K120,000 sangalimbe mtima kukasuma, koma eni magolosale makumi asanu okhala ndi mapangano ofanana ndi malisiti awo m'manja amamveka msanga, ndipo angathe kugawana mtengo wa loya. Makomiti a m'misika, magulu a banki mkhonde ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi ndi malo abwino oyerekezera mapepala amene anthu asaina. Koma pali chenjezo: kukumana kuti awerengerane mapangano ndi kudandaula pamodzi n'kololedwa, pamene kukumana kuti agwirizane mtengo umodzi wogulitsira tomato, makala kapena sopo pamsika ndi mlandu womwewo umene akudandaula kuti makampani akuwachitira. Lamulo la mpikisano silisankha wamkulu kapena wamng'ono.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi chindapusa chimasiyana bwanji ndi chipukuta misozi, ndipo chilichonse chimapita kwa yani?

2. Ndi zinthu zitatu ziti zimene wosuma ayenera kutsimikizira bwalo?

3. N'chifukwa chiyani Bernard Crehan sanalandire kanthu ngakhale bwalo linavomereza kuti anali ndi ufulu wosuma?

4. Mayi wagula ketulo yakunyumba, ndipo tsiku lomwelo waoda makatoni a sopo ogulitsa pa okala yake. Kodi lamulo limamuteteza mofanana pa zinthu ziwirizi?

5. Pa chitsanzo cha sopo, ndalama zimene mwini golosale angafune zikanakhala zingati chikhala kuti pangano linamuletsa kukweza mtengo?

6. Aliyense amene ali ndi pangano la firiji, la uejenti, la lendi ya sitolo kapena logulitsa mbewu abwere nalo pa msonkhano wotsatira, ndipo gulu lipeze kuti mwa ndime zisanu ndi imodzi zafotokozedwazi ndi zingati zimene zilimo.